Madzi Akuda Katatu

Bambo anga sankakhala pansi m'chipinda chachilendo asanagogode. Akalowa mu ofesi, m'sitolo, ngakhale m'nyumba ya maliro, ankayamba akweza maso kudenga, kenako n'kugogoda khoma kawiri ndi kumbuyo kwa chala, mutu atapendeketsa. Ife ana awo manyazi ankatigwira mpaka kufuna kulowa pansi. Mayi anga adakali moyo ankati ngakhale pa tsiku la ukwati wawo, mkuluyu anayamba wagogoda chipilala asanayang'ane mkwatibwi. Bambo sankakana. Ankangoti chipilalacho chinali chokayikitsa.

Ku mgodi ankawatcha a Khutu. Ntchito yawo inali kulowa oyamba pamalo pomwe paphulitsidwa dzulo lake, atanyamula chitsulo chachitali, n'kumagogoda denga la mwala. Likalira kuti ngwee, ndiye kuti lagwira, anthu alowe. Likalira kuti bu bu ngati chigubu chopanda kanthu, ndiye kuti mwala walekana ndi unzake, ayambe augwetsa. Amuna khumi ndi awiri ankadikira kumbuyo kwawo mpaka iwo atanena. Mmodzi mwa amuna amenewo anali mwamuna wanga, woboola miyala.

Bambo analowa mu mgodi ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ntchito yake ya fosholo, sukulu atalekezera polemba dzina. Koma anali munthu wa mafunso. Akatswiri a miyala akatsika pansi ndi tinyundo tawo, bambo ankawamamatira ngati chisoso. Mzere uwu ndi wakuda chifukwa chiyani? Nanga uwu wamawangamawanga? Ena ankawathawa, ena ankatopa n'kuwayankha. Pofika nthawi yomwe ine ndinkayamba kuzindikira zinthu, bambo anali atadziwa mbiri yonse ya mwala umene unkatidyetsa, ndipo ife ndi amene tinkavutika nayo.

Ankatenga botolo, kuthiramo madzi, mchenga ndi dothi, kukhutchumula, n'kuliimika pa tebulo pakati pa mbale. Palibe ankaloledwa kuligwedeza. Pamene zinthu zinkadikha m'botolomo, iwo ankafotokoza. Ankati kalekale, kulibe munthu kulibe mtengo, mwala wosungunuka unakwera kuchokera pansi penipeni, koma sunatulukire kunja. Unatsakamira m'kati mwa nthaka n'kufalikira ngati dziwe lalikulu lovundikiridwa. Unazizira pang'onopang'ono, zaka zoti munthu sangawerenge. Pozizirapo tinthu tolemera tinkayamba kuuma n'kumira, topepuka n'kubwera pambuyo, mzere pamwamba pa mzere. Nthawi zina mwala wina wotentha unkalowanso n'kusakanikirana ndi wakalewo, ndipo zikatero munkagwa mchenga wakuda wolemera n'kuyala pansi ponse. Munkapangikanso timadontho ta sulufule tomwe pomira tinkatolera pulatinamu ndi zitsulo zinzake, monga momwe dontho la mafuta limatolera fumbi. N'chifukwa chake chuma chonsecho chinathera mu mzere umodzi wakuda, wosaposa mkono kuchindikala kwake, koma wotalika moti ungautsate masiku osafika pothera. Ndipo mu lole yodzaza miyala, pulatinamu wake sadzaza supuni.

Tikayamba kuyasamula ndiye ankafika pomwe ankapakonda. Pamwamba pa mzere waukuluwo pali timizere tina titatu takuda, toonda ngati chingwe cha nsapato. Pamenepo mwala sugwirana, umangogonerana. Ndiye anthu akakumba mzere waukulu uja, denga lawo limakhala la zigawo zitatu zongosanjikizana. Pofuna kuti lisagwe amaboola m'mwamba n'kukhomamo mabawuti, zitsulo zazitali ngati msinkhu wa munthu wamfupi, zoti zipyole timizere tonse titatu n'kukaluma mwala wolimba. Bambo ankati moto womwe unatisiyira chakudya ndi womwewo unaiwala kumata denga. Ife tinkangoseka, poti pamwamba pathu panali malata.

Ine ndinakula, ndinakwatiwa, ndinapeza ntchito yosesa ndi kukolopa ku kiliniki ya pa mgodi. Mayi atamwalira ndinkapita kwa bambo Loweruka lililonse kukawachapira ndi kuwasesera. Loweruka lina ndinawapeza atakhala pa mpando akusoka nsapato, kumbuyo kwawo ketulo ikulira mluzu moti ndinaimvera pa geti. Madzi anali atatsala pang'ono kuphwera. Ndinaiphula, ndinaima kumbuyo kwawo, n'kuwaitana. Zii. Ndinatenga chivundikiro cha poto n'kuchiponya pa simenti. Galu wa aneba anauwa. Bambo anapitiriza kukoka ulusi.

Sindinaganize za iwo poyamba, ndisaname. Ndinaganiza za mwamuna wanga ataima mu mdima, akudikira kuti munthu wosamva chivundikiro cha poto amuuze kuti denga lalira bwino.

Chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti ogwira ntchito pansi amayezedwa makutu chaka ndi chaka ku kiliniki yomweyo, ndipo bambo ankakhoza. Mmene ankakhozera ndinaziona ndi maso anga patapita milungu iwiri, ndikukolopa pakhonde. Munthu amalowa m'kachipinda kagalasi, amavala zomvera m'makutu, ndipo akamva kaphokoso amakweza dzanja. Anesi amakhala kunja kwa galasi akudina batani. Anesi athuwo anali ndi chizolowezi: akamadina, phewa lawo la kumanja linkatsika pang'ono. Bambo ankayang'ana phewalo. Likatsika, dzanja m'mwamba. Anatuluka atakhoza kuposa anyamata a zaka makumi awiri, akumwetulira ngati mwana wolandira mphatso.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinawatsata kwawo. Ndinaima patsogolo pawo kuti aone pakamwa panga, n'kuwauza zonse zomwe ndinaona, za ketulo, za chivundikiro, za phewa. Sanakane.

“Bambo, mudzapha anthu.”

“Sindigwira ndi makutu okha, mwana wanga.”

“Ndiye mumagwira ndi chiyani? Mphuno?”

Anatsegula pakamwa kuti afotokoze, ine ndinali nditatembenuka kale. Ndinkawadziwa bambo anga ndi nkhani zawo zazitali za botolo, ndipo tsiku limenelo ndinalibe nazo mtima. Kupsa mtima ndinatengera kwa mayi, ndipo kwandionongera zambiri, koma palibe chomwe kunandionongera choposa mphindi imeneyo.

Mwamuna wanga nditamuuza anati ndisiye. Anati gulu lonse linkadziwa kuti akuluwo makutu akutha, koma m'zaka zonse zomwe wagwira nawo palibe ngakhale chala chinathyoka. Ndinamufunsa ngati akufuna kuti chala choyamba chikhale khosi lake. Anaseka, n'kutembenukira kukhoma. Ine tulo tinandithawa mwezi wathunthu. Siren ya pa mgodi yochenjeza za ngozi ikangolira masana, mopu inkagwa m'manja mwanga.

Sindinalembe kalata, sindinapite kwa bwana aliyense. Ndinangouza anesi, tikumwa tiyi, kuti akadzawayezanso a Khutu adzawatembenuzire kukhoma. Anesi anandiyang'ana, n'kuika kapu pansi. Mlungu wotsatira bambo anaitanidwa kuti makina analakwitsa, ayezedwenso. Anakhala m'kachipindako atayang'ana khoma, manja ali pa mawondo, osakweza ngakhale kamodzi. Ine ndinali ndikukolopa pakhonde lomwelo, malo amodzimodzi, mpaka simenti inkawala.

Sanawachotse ntchito. Anawapititsa ku shedi yosungiramo miyala, kuseri kwa maofesi. Kumeneko kumasungidwa miyala yomwe makina amaitulutsa akaboola pansi kufufuza zakutsogolo, yobulungira ngati mpini wa khasu, yoyalidwa m'mabokosi aataliatali. Ntchito yawo inali kutsuka, kulemba manambala ndi kusanja. Malo awo pansi anapatsidwa kwa bambo wina wamakutu akuthwa ndi pakamwa posatseka, yemwe ankamutcha Wailesi. Anali munthu wabwino, wakhama, wotsata zonse zolembedwa m'buku. Ine mtima unakhala pansi. Ndinayamba kugona, ndinanenepako.

Bambo sanandifunse za nkhaniyo. Loweruka ndikapita ankandilandira, kundipatsa mpando, kundifunsa za mdzukulu wawo. Koma anasiya kugogoda makoma. Tsiku lina tinalowa limodzi mu ofesi ina kukasainitsa mapepala, iwo n'kungokhala pansi ngati munthu wina aliyense. Ndinadabwa kuti zinandipweteka.

Patatha miyezi isanu anabwera kwathu Lamlungu masana, chinthu chomwe sankachita osaitanidwa. Anali atanyamula kanthu kokulunga m'thaulo. Atakhala pansi anafunyulula: chidutswa cha mwala wa m'mabokosi aja, chotuwa, pakati pake pali kamzere kakuda. Anampatsa mwamuna wanga n'kumuuza kuti athyole. Mwamuna wanga anaseka, poti mwala umenewo ngakhale nyundo imaudziwa. Anangopotoza pang'ono, mwala n'kulekana pa kamzere kaja, mbali zonse ziwiri zosalala ngati zodula ndi mpeni.

Kenako anafotokoza, ndipo ulendo uno ndinamvetsera. M'mabokosi a chigawo cha mgodi chomwe gulu la mwamuna wanga linkalowera, kamzere kachitatu, kapamwamba penipeni, kanali kakukwera. Bowo lililonse lakutsogolo linkakaonetsa kali m'mwamba kuposa la m'mbuyo. Anati pamenepo, nthawi ija mwala unali wosungunuka, pansi panali potsetsereka ndipo zinthu zinaunjikana mochindikala. Kutsogoloko kamzereko kanali pamwamba kuposa pomwe mabawuti amalekezera. Mabawuti adzamanga zigawo ziwiri kukhala chimwala chimodzi, ndipo chimwalacho sichidzakhala chogwira kalikonse.

Mwamuna wanga anati Wailesi amagogoda m'mawa uliwonse, adzamva.

Bambo anadzuka, natenga supuni pa tebulo. Pakhomo pathu panali thayilo imodzi yomwe inamatuka kalekale. Anaigogoda, inalira kuti bu bu. Anatiitana titulukire panja, pomwe pali chisimenti chochindikala chomwe timachapirapo, chongokhazikidwa pa njerwa popanda chomata. Anachigogoda. Chinalira kuti ngwee, bwinobwino.

“Ine sindinamve, koma ndikudziwa kuti chalira bwino,” anatero. “Nanga n'chomata chimenechi, apongozi? Khutu limamva chopyapyala. Chikachindikala chimalira bwino mpaka tsiku logwa.”

Ndinawafunsa, mokweza, kuti nanga iwo akanadziwa bwanji.

Anati ankadziwa ndi madzi. Makina oboola amayenda ndi madzi, ndipo madziwo amabwerera pansi ali otuwa. Chitsulo choboolera chikapyola kamzere kakuda, madzi amada kwa kamphindi, n'kuyeranso. Zaka zonsezo, akamaliza kugogoda, ankaima kumbuyo kwa woboola mabowo a mabawuti, nyali ataloza pa madzi, akuwerenga. Madzi akada katatu, bawuti ligwira. Akada kawiri kokha, ankaimitsa ntchito n'kutuma munthu kukatenga mabawuti aatali, omwe wa ku sitolo ya zipangizo ankawasungira pakona chifukwa cha iwo okha. Anthu ankangoti ndi zovuta za nkhalamba. M'buku munalibe zimenezi, ndipo palibe anawafunsapo chomwe ankayang'ana pa madzi amatope.

Mwamuna wanga anali ataboola mabowo masauzande, akuluwo ataima kumbuyo kwake, osadziwa. Anakhala pa njerwa, zidutswa ziwiri za mwala zili m'manja. Ine ndinalowa m'nyumba kukatereka madzi omwe palibe anawapempha.

Sikuti bambo anangokhala chete nazo. Zimenezi anali atamuonetsa kale mayi wa miyala, katswiri wachitsikana yemwe ankayang'anira shediyo. Mayiyo anayeza yekha, anavomereza, analemba kalata tsiku lomwelo. Kalatayo inayenda kuchoka pa desiki kupita pa desiki. Mabawuti aatali a pakona paja anali atatumizidwa ku chigawo china, poti kwa miyezi isanu palibe anawaitanitsa. Anaitanitsa ena kwa opanga, ndipo yankho linali lakuti ali m'njira. Bambo anapita okha kwa kapitawo wa chigawocho, chipewa chili m'manja. Kapitawo anawalandira mwaulemu, anawapatsa mpando, anawakuwira m'khutu kuti ripoti la Wailesi likuti denga likulira bwino tsiku lililonse. Anawaperekeza mpaka pakhomo atawagwira phewa, monga timachitira ndi achikulire omwe tawamvera chisoni.

Kuyambira Lolemba lotsatira mwamuna wanga anayamba kuwerenga madzi. Akaweruka ankadzera ku kiliniki kudzanditenga, ndipo asanapereke moni ankakweza zala. Zitatu. Tinkayenda kupita kunyumba tikukamba za mtengo wa sopo ndi nsapato za mwana. Mawa lake zitatu. Mlungu wonse zitatu, wachiwiri zitatu, koma anati kuda kwachitatuko kunkabwera mochedwa, chitsulo chitatsala pang'ono kuthera. Ndinamupempha kuti apemphe kusamutsidwa, adwale, athyole chala ngati n'kotheka. Anati akachoka iye adzaikapo wina wosadziwa kuwerenga, ndipo enawo khumi ndi mmodzi ali ndi akazi awonso. Ndinamutukwana. Anandisiya nditukwane, kenako anandipempha mchere.

Lachitatu la mlungu wachitatu anaima pakhomo la kiliniki, chisoti chili m'khwapa, n'kukweza zala ziwiri.

Anali atazimitsa makina, ataitana kapitawo, atamuonetsa madzi. Kapitawo sanali munthu woipa, anali munthu wothamangitsidwa ndi mabwana ake. Anaitana Wailesi kuti agogodenso onse akumva. Wailesi anagogoda ponseponse, kutsogolo, kumbuyo, m'mbali, ndipo denga linalira ngati belu. Kapitawo anati mabawuti aatali afika Lolemba, galimoto yanyamuka kale. Pakadali pano aimike mitengo yochirikiza yowonjezera, amalize mlungu. Anzake a mwamuna wanga anamuyang'ana. Anaimika mitengo, makina n'kuyambanso kulira.

Lachinayi anabwera, zala ziwiri. Sitinakambe za sopo. M'njira anandiuza komwe anasunga mapepala a nyumba, ine n'kumuuza kuti atseke pakamwa.

Lachisanu, nthawi itangopitirira teni koloko m'mawa, ndinali ndikupukuta mawindo a chipinda choyezera makutu pamene galasi linanjenjemera pansi pa nsalu yanga. Kamodzi kokha, pang'ono. Anesi sanamve kanthu. Ine ndinaika nsalu mu ndowa, ndinavula epuloni, n'kuyamba kuyenda kulowera ku chikepe chotsikira mu mgodi siren isanalire.

Chimwala chinagwa chinali chachikulu ngati nyumba ya zipinda zitatu, mabawuti onse ali momwemo, okhomedwa bwino, osasuntha ngakhale limodzi. Mitengo ija inaphwanyika ngati timitengo ta machesi. Amuna khumi anathawa. Atatu anatsala: Wailesi, bambo wina wonyamula zipangizo, ndi mwamuna wanga, yemwe anali kutsogolo penipeni ndi makina ake.

Gulu lopulumutsa anthu linafika pamalopo n'kuima. Denga lotsala linkalira bwino, ndipo tsopano palibe ankafuna kulikhulupirira. Mayi wa miyala ndi amene ananena kuti aitane a Khutu. Ndinawaona akuchokera ku shedi atavala ovolosi yobwereka, yaitali miyendo, kapitawo akuyenda pambali pawo osawagwira phewa. Anandidutsa osandiona. Mabawuti aatali anapezeka mkati mwa maola awiri, anachokera ku chigawo china chija. Bambo anaima kumbuyo kwa woboola, nyali ili pa madzi, bowo ndi bowo, masiku awiri, akulola anthu kusendera mkono umodzi, kuima, kusenderanso. Palibe wopulumutsa ngakhale mmodzi anakalika.

Bambo anatuluka Lamlungu dzuwa lili pamutu, kumbuyo kwa machira atatu ofundidwa. Nkhope yawo inali yotuwa ndi fumbi, maso ofiira. Anabwera pomwe ndinakhala, pa benchi la panja pa chikepe, nakhala pambali panga. Anandiuza kuti mpongozi wawo sanavutike, ndipo ndikukhulupirira chifukwa bambo anga sadziwa kunama, kupatula kwa anesi. Anati anayeza pomwe mwala unalekana. Kamzere kachitatu kanali pamwamba pa nsonga za mabawuti ndi chikhatho chimodzi chokha. Anatambasula dzanja lawo kundionetsa, zala zinayi zothinana.

Panali anthu ambiri pamenepo, akazi a anthu, mabwana, apolisi, anesi anga omwe. Ndinadziwa kuti ndikanong'ona sindimveka, ndiye ndinaima patsogolo pawo n'kunena mokweza, aliyense akumva.

“Bambo, ndine ndinauza anesi kuti akutembenuzireni kukhoma.”

Ndinkafuna andimenye, anditemberere, andiuze kuti ndapha mwamuna wanga ndi pakamwa panga. Ndinali nditakonzeka. Iwo anandiyang'ana pakamwa mpaka nditamaliza, kenako anagwira dzanja langa n'kundikhazika pansi ngati mwana.

“Ndinadziwa tsiku lomwelo,” anatero. “Sunaname, mwana wanga. Ndine gonthi.”